Kupanga oscillator ya valavu ya 7 MHz pogwiritsa ntchito batire la sola

Pamene ansembe a Chijezuiti ankatsegula mishoni ya Fonte Boa mu 1945, wailesi zogulitsidwa m'masitolo zinali za mavalavu, timababu tagalasi tija totentha tikayaka. Transistor inadzatulukira mu 1947, ndipo panapita zaka isanafike m'nyumba za anthu. Mu 1949 Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani m'boma la Northern Rhodesia, amene ankayang'aniranso nyumba youlutsa mawu ya Central African Broadcasting Station ku Lusaka, anagwirizana ndi kampani ya Ever Ready kutulutsa wailesi yotsika mtengo yooneka ngati sefuliya, Saucepan Special, ya mavalavu 4 ndipo yogulidwa mapaundi 5, kuti anthu akumudzi azimva mapulogalamu m'zinenero zawo, Chinyanja chomwe. M'kati mwa wailesi zotere mumakhala kachigawo kotchedwa oscillator, kamene kamapanga magetsi ogwedezeka kambirimbiri pa sekondi, ndipo mukamapotokola kufuna siteshoni, ndi kameneka mukusintha.

Mwana wa sukulu kapena mmisiri wa mawailesi wa kuno ku Tsangano angathe kupanga oscillator yakeyake patebulo, popanda magetsi a EDM. Kuiyambitsa si nkhani, madzulo amodzi akwana. Ntchito yagona poti ikhazikike pa frequency imene mwaiuza, osasuntha dzuwa likatuluka kapena munthu akagunda tebulo. Malangizo onsewa alunjika pamenepo.

Poyamba mvetsani zimene mukupanga. Koyilo ya waya ndi kapasita zikalumikizidwa pamodzi, magetsi amathamanga uku ndi uku pakati pa ziwirizi pa liwiro limene kukula kwake kwalamula, koma amafooka msanga n'kutha. Zili ngati katungwe: chingwe ndicho chimanena kuti azipita n'kubwera mwachangu bwanji, wokankha amangowonjezera kamphamvu pa nthawi yake kuti asaime. Valavu ndiye wokankhayo. Njira imene titsate ndi ya Ralph Hartley, ya mu 1915, yomwe imapatutsa kamphamvu kokankhira kuchokera pa koyilo pomwepo. Ilipo ina ya Edwin Colpitts, ya mu 1918, imene imagawa ndi makapasita awiri, koma ya Hartley imafuna zipangizo zochepa ndipo kuikonza n'kungosuntha waya umodzi.

Sankhani frequency musanagule kanthu. Ine ndikuti 7 MHz, kutanthauza kugwedezeka ka 7 miliyoni pa sekondi. Chifukwa chake n'chakuti wailesi wamba ya shortwave imafika pamenepo, pafupi ndi pamene alemba 41 m, ndiye chida choyesera muli nacho kale m'nyumba. Komanso koyilo yake ndi yaing'ono bwino, yokulunga ndi manja.

Tsopano masamu, ndipo ndi ochepa. Tengani 25330, gawani ndi frequency yochulukitsidwa ndi iyo yomwe. Pa 7 MHz ndi 25330 kugawa ndi 49, yankho 517. Nambala imeneyi ndi imene muyenera kupeza mukachulukitsa kukula kwa koyilo, m'ma µH, ndi kukula kwa kapasita, m'ma pF. Mukhoza kutenga 50 pF ndi koyilo ya 10 µH, mukhozanso kutenga 200 pF ndi koyilo ya 2.6 µH. Papepala zonse zikupereka 7 MHz. Patebulo n'zosiyana kutali.

Valavu payokha ili ndi timapF tingapo pakati pa zitsulo zake zam'kati, mawaya nawo ali ndi take, ndipo timeneti timasintha valavu ikamatentha. Tinene kuti zasintha ndi 1 pF yokha. Ngati kapasita yanu ndi ya 200 pF, frequency isuntha ndi 17 kHz kapena kupitirira pang'ono. Ngati ndi ya 50 pF, isuntha ndi 70 kHz. Masiteshoni a shortwave amatalikirana 5 kHz basi, ndiye onani kuti kachinthu kosaoneka ndi maso kangakudumphitseni masiteshoni angati. N'chifukwa chake akatswiri akale ankakonda kapasita yaikulu ndi koyilo yaing'ono: kapasita yaikulu imameza kusinthasintha kwa valavu. Titenga 200 pF ndi 2.6 µH.

Musagule kapasita imodzi ya 200 pF. Ikani ya 150 pF yosasintha, muwerengere 20 pF ya valavu ndi mawaya, kotsalako kukhale kopotokola. Kapasita yopotokola ya timbale tachitsulo, yochotsa m'wailesi yakale, nthawi zambiri imafika cha pa 365 pF, yomwe ndi yaikulu kwambiri pa ntchito ino. Ilumikizeni mondondozana ndi ya 47 pF, ndipo ziwirizi zizipereka kuyambira 8 mpaka 42 pF. Mukatero oscillator yanu iziyenda kuchokera cha pa 6.8 kufika 7.4 MHz, mopotokola mosavuta. Ya 150 ndi ya 47 zikhale za mtundu wa NP0, umene ena amalemba C0G, kapena silver mica. Timakapasita tabulauni tosalembedwa mtundu, todzaza m'mabokosi a okonza mawailesi ku Ulónguè ndi ku Lizulu, timasintha kwambiri ndi kutentha. Pa koyilo musatiyandikize.

Koyilo ndiyo ifuna kudekha. Pezani paipi ya PVC ya mulifupi mwa 25 mm, dulani kachidutswa ka 5 cm, boolani timabowo tiwiri totalikirana 25 mm. Waya akhale wa mkuwa wopakidwa vanishi, wonenepa cha pa 0.8 mm, amene amapezeka m'thiransifoma yakupsa kapena kwa okulunga mamota a zigayo. Muongoleni kaye: mangani nsonga imodzi ku msomali, kokani ndi pulayala mpaka amveke kuti watamuka pang'ono. Kenako kulungani mikombero 12 pakati pa mabowo aja, mokoka zolimba, mipata yofanana. Malinga ndi masamu amene Harold Wheeler anafalitsa mu 1928, koyilo yotere imapereka pafupifupi 2.6 µH. Kuwerenga kuchokera kumunsi, palani vanishi pa mkombero wachitatu ndi wachinayi, muwotchererepo timawaya tifupitifupi mwachangu paipi isanasungunuke. Guluu musapake tsopano. PVC si yabwino koposa, imafufuma ikafunda, ndipo mukadzapeza kachubu ka dothi loyera lowotcha ka m'wailesi zakale, mudzasinthe. Poyambira ikwana.

Valavu yofunika ndi ECC81, imene Amereka amaitcha 12AT7. ECC82, kapena kuti 12AU7, igwiranso ntchito ndipo miyendo yake ndi chimodzimodzi. ECC83 isiyeni, simayenda bwino pa mavoti ochepa. Mavalavu amenewa akupangidwabe chifukwa cha zokuzira mawu za magitala, mwachitsanzo ndi kampani ya JJ Electronic ku Slovakia, choncho si zinthu za m'nyumba yosungira zakale ayi. Ubwino wake kwa ife ndi uwu: kawaya kake kotenthetsa kamafuna mavoti 12.6 ndi 150 mA, zimene batire la sola lingapereke. Ndiponso m'galasi limodzi muli mavalavu awiri.

Pomangira pakhale lata lolimba kapena chivundikiro cha aluminiyamu chokhomera pa thabwa. Latalo ndilo ethi, ndipo mbali ya minus ya mabatire onse ipite pamenepo. Valavu ikhale pa soketi yake ya miyendo 9, musawotcherere pa miyendo ya galasi. Powerenga miyendo, yang'anani chapansi, yambirani pa mpata waukulu, muziyenda monga muvi wa wotchi.

Kulumikiza kwake ndi kotere. Kumunsi kwa koyilo kupite ku ethi. Makapasita aja akhale pakati pa nsonga yam'mwamba ya koyilo ndi ethi. Kuchokera pa nsonga yam'mwamba yomweyo, kapasita ya 100 pF ipite ku mwendo 2, umene ndi grid, ndipo rezisita ya 47 kΩ ichoke pa mwendo 2 kupita ku ethi. Mwendo 3, cathode, upite pa kawaya ka mkombero wachinayi. Mwendo 1, anode, ulandire magetsi kudzera pa rezisita ya 2.2 kΩ, ndipo kapasita ya 10 nF ichoke pa mwendowo kupita ku ethi. Batire la mavoti 12 lilowe pa miyendo 4 ndi 5 kudzera pa fyuzi ya 1 A, mwendo 9 ukhale wopanda kanthu, ndipo pa mwendo wa plus ikaniponso 10 nF yopita ku ethi. Miyendo ya zipangizo iduleni ifupike. Sentimita iliyonse ya waya ndi kakoyilo ka pafupifupi 0.01 µH, ndipo waya wolendewera akagwedezeka frequency imagwedezeka naye. Koyilo italikirane ndi valavu masentimita 5 kapena kuposa, italikiranenso ndi lata ndi mpata wosachepera mulifupi mwake.

Magetsi a anode achokere ku mabatire ang'onoang'ono a mavoti 9, asanu olumikizidwa mondondozana, kupanga mavoti 45. Oscillator imadya pang'ono zedi, ndiye akhalitsa. M'mabuku akale mudzaona mavoti 150 kapena 250, koma woyamba kumene asapite kumeneko. Wailesi yakale ya magetsi a m'nyumba imasunga mavoti okwana kupha munthu m'makapasita ake ngakhale itazimitsidwa, ina chitsulo chake chonse chimakhala ndi moto, ndipo TV ya galasi lalikulu ndiye yoopsa kuposa pamenepo. Ngati mukufuna kuchotsamo zipangizo, pitani nayo kwa mmisiri wodziwa.

Chenjezo lina ndi la batire la sola. Masana likamatchajidwa limakwera kupitirira mavoti 14, ndipo zimenezi zimafupikitsa moyo wa valavu. Lichotseni ku sola poyesa, kapena ikani rezisita ya 10 Ω panjira, imene idye voti imodzi ndi theka. Inveta izimitseni, phokoso lake limadzaza shortwave yonse.

Poyesa, yatsani mavoti 12 kaye. Pakatha masekondi 20, muona kamoto kofiirira m'kati mwa galasi. Lumikizani mavoti 45. Ikani wailesi ya shortwave pa mtunda wa mita imodzi, itcherani cha pa 7.1 MHz pamene palibe siteshoni, pongomveka mkokomo wa shii, ndiye muzipotokola kapasita pang'onopang'ono. Pena pake mkokomowo uzima, wailesi ingoti zii. Imeneyo ndi oscillator yanu. Yandikizani dzanja pa koyilo, mkokomo ubwerera chifukwa dzanja lasuntha frequency. Ngati muli ndi multimeter, mangirirani rezisita ya 1 MΩ kunsonga kwa chingwe chake, mugunde mwendo 2. Ikaonetsa minus, voti imodzi kapena angapo, ndiye kuti zikuyenda.

Musadabwe kuimva pawiri. Mawailesi ambiri otchipa amamva chizindikiro champhamvu malo awiri otalikirana 910 kHz, ndipo pamene chikumveka mwamphamvu ndipo penipeni. Muipezanso cha pa 14 MHz, kuwirikiza kawiri, zomwe n'zachibadwa. Ikakhala m'munsi mwa pamene mumafuna, tambasulani mikombero pang'ono. Ikakhala pamwamba, ifinyeni. Mukakhutira, ndiye pakani guluu mizere itatu yopyapyala m'litali mwa paipi.

Ikakana kuyamba, kawirikawiri vuto ndi vanishi wosapalidwa bwino kapena miyendo yowerengedwa chobwerera. Ikamveka malo ambirimbiri motsatizana ndi phokoso lokhadzula, ikukankhidwa mopyola: tsitsani cathode pa mkombero wachitatu, kapena chepetsani 100 pF ija ikhale 47 pF. Ngakhale ikuyenda bwino, yesani mkombero wachitatuwo. Ngati ikuyambabe nthawi iliyonse, isiyeni pomwepo, pakuti valavu ikamagwira koyilo mopepuka frequency imakhazikika bwino.

Mayeso enieni achitike usiku, pamene masiteshoni akunja achuluka pa 41 m. Tcherani siteshoni imodzi, sendezani oscillator mpaka mumve likhweru pamwamba pa mawu, kenako chotsani manja mumvetsere. Likhweru likamakwera kapena kutsika lokha, frequency ikuyenda. Mphindi 20 kapena 30 zoyamba iyenda ndithu, valavu ikufunda. Ikapitiriza pambuyo pake, funani chimene chikutentha kapena kuzizira. Kuno ku mapiri a Angónia, m'miyezi ya June ndi July, kuzizira kwa m'mamawa ndi kutentha kwa masana pansi pa malata zimasiyana kwambiri, ndipo nkhungu imanyowetsa koyilo. Vundikirani koyilo ndi makapasita ndi chitini chachikulu cholumikizidwa ku ethi, valavu ikhale kunja kwake kuti kutentha kuzipita m'mwamba. Chitinicho chikweza frequency pang'ono, mubwezeretse ndi kapasita yopotokola.

Mukafuna kutengako chizindikirochi kupita nacho ku chida china, musakoke pa koyilo. Gwiritsani ntchito theka lachiwiri la valavu: 10 pF kuchokera pa mwendo 3 kupita pa mwendo 7, rezisita ya 470 kΩ kuchokera pa 7 kupita ku ethi, ya 3.3 kΩ kuchokera pa 8 kupita ku ethi, mwendo 6 ku mavoti 45, ndipo chizindikiro chituluke pa mwendo 8 kudzera pa 100 pF. Mukatero chilichonse chimene mwalumikiza kunjako sichikoka frequency.

Ena akangoona kuti zatheka amafuna kudumphira pa 100 MHz, ku FM. Bwererani ku masamu aja: 25330 kugawa ndi 10000 ndi 2.5 yokha, ndiye kuti 10 pF ndi 0.25 µH. Pamenepo timapF ta valavu ndi masentimita a waya ndizo zimalamula, ndipo zonse zimene takambazi zimavuta kakhumi. Khalani pa 7 MHz mpaka likhweru lizitha ola lathunthu osasuntha kwenikweni.

Mlongoti musaikepo. Oscillator imeneyi ndi ya patebulo, ndipo waya wautali ungaisandutse chida choulutsira mawu chimene chingasokoneze anzanu. Ku Mozambique chilolezo choulutsira chimachokera ku INCM, ku Malawi ndi ku MACRA, ndipo mafunde a wailesi sadziwa kuti malire ali pa Biriwiri. Amene mtima wake uli pa kuyankhulana ndi anthu akutali pa 7 MHz akafunse ku INCM za chilolezo cha amateur radio, chimene chimabwera ndi dzina loitanira loyamba ndi C9.