Mukatsika pa OR Tambo, mukwere chiyani?

Kalata yoyamba lero yachokera kwa mayi wina wa ku Ndirande. Akuti: "Mwezi wamawa ndikukwera ndege koyamba, ulendo wa ku Joni kukapikula katundu. Anzanga akuti ndikangotsika nditenge takisi. Kodi palibe njira ina?"

Ilipo mayi, ndipo ngati ndege yanu itatere kukadali kowala, ine ndikuti kwerani sitima ya Gautrain. Bwalo la OR Tambo lili ku Kempton Park, kunja kwa mzinda wa Johannesburg, ndipo msewu wa R24 wolowera m'tauni umathithikana m'mawa ndi madzulo. Sitimayi idayamba kuyenda mu June 2010, mpikisano wa World Cup utatsala pang'ono kuyamba, ndipo siteshoni yake ndi yolumikizana ndi bwalolo: mumangotsata zikwangwani, kukwera m'mwamba, osaponda panja. Pakatha mphindi ngati 15 mwafika ku Sandton. Komatu liwiro si chifukwa changa chachikulu. Chimene chimagwetsa mlendo ndi kusadziwa mtengo weniweni wa chinthu. Wa takisi uja wokukodolani pakhomo, nkulanda chikwama ngati mbale wanu, amayamba wakuyezani ndi maso asanatchule ndalama. Pa sitima mtengo ndi wolembedwa, mumalipira pogunditsa khadi pageti, ndipo wolankhula Chizulu ndi inu wa Chichewa mulipira chimodzimodzi.

Bambo wina wa ku Mzimba, amene akuti adagwirako ntchito ku Joni, watilemberanso motsutsa. Akuti sitimayo ndi ya mabwana, minibasi ndiyo ya ife.

Achimwene, pa mtengo simukunama. Wokwerera pabwalo la ndege amalipira zambiri kuposa wokwerera pa Rhodesfield, siteshoni yoyandikana nayo, chikhalirecho sitima ndi imodzi.  Ndivomerenso kuti mukakhala atatu kapena anayi, kusonkherana Uber kapena Bolt kungatsike mtengo kuposa matikiti a aliyense payekha. Koma minibasi ya ku Joni ndi yotchipa kwa munthu woidziwa. Kumeneko kawirikawiri kulibe kondakitala wokuwa dzina la komwe ikulowera monga tidazolowerera kuno. Mumaimika ndi chizindikiro cha zala, ndipo chala choloza kumwamba ndi choloza pansi zimanena maulendo osiyana. Ndalama zimayenda dzanja ndi dzanja kupita kutsogolo. Inu mudaphunzira zonsezi pang'onopang'ono, m'thumba muli ya tsiku limodzi. Mayi athuwa akhala ali okha, pasipoti ndi mpamba wonse wa geni zili pathupi, sutikesi ili m'manja. Ndalama imene angapulumutse pa minibasi ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi imene angataye atatsikira polakwika.

Sitimayi ili ndi malire ake, mayi, ndipo muwadziwe musananyamuke ku Chileka. Siyenda usiku wonse, choncho ndege ikachedwa nkufika mochedwa, konzani kuti a kumalo ogona kapena achibale adzakutengeni, mutagwirizana kale dzina la woyendetsa. Sikufikitsaninso pakhomo. Ngati mukulowera pakati pa tauni, mutsike pa Sandton nkukwera ina yodzera ku Rosebank mpaka Park Station. Wa ku Pretoria asinthire pa Marlboro. Pa Park Station ndi pamene pamafunika maso, makamaka kunja kukada, chifukwa mukangotuluka geti la Gautrain mwalowa m'chipwirikiti cha anthu. Galimoto yomalizira ulendo muitanitse mukadali m'kati, ndipo adiresi ya komwe mukagone muilembe papepala, poti foni imatha moto nthawi imene mukuifunitsitsa.

China chaching'ono: m'sitimamo saloleza kudya, kumwa, ngakhale kutafuna chingamu. Mtedza wanu wokazinga udikire mpaka mutatsika.