MASO A ANA NDI MAKUTU A AKULU

Phunziro la mwezi uno

M'phunziro la mwezi uno tifuna kusimba za njira ina imene anyamata ndi atsikana a m'maiko ena afikitsa nayo maganizo ao kwa akulu oweruza nkhani za mudzi. Tonse tidziwa makhalidwe a pabwalo. Anthu akamapangana za malo okumbapo citsime, kapena za pomanga ulalo, olankhula ndi akulu, ndipo ana akhala kumbuyo ali cete. Ulemu umenewu ngwabwino, ndipo sitiunyoza ai. Koma tifunse: kodi wopita kucitsime m'mbandakuca ndani? Wooloka mtsinje m'dzinja ndi mabuku pamutu ndani? Kawirikawiri iye amene adziwa bwino pamene njira iri yoopsa ndiye amene safunsidwa. Cifukwa cace mudzi utha kutaya ndalama ndi mphamvu pomanga cinthu, ndipo pambuyo pace cioneka kuti caikidwa polakwika.

Njira imene tinenayi ndi yotere. Mnyamata kapena mtsikana apatsidwa kamera, ndiwo makina otolera zithunzi, kuti ajambule zimene aona kwao, zokoma ndi zoipa zomwe. Atatero afotokoza zithunzizo ndi mau ace pamaso pa akulu. Pa Cingerezi njirayi aicha Photovoice, ndiko kunena kuti cithunzi cokhala ndi liu.

1. Kumene njirayi inayambira

M'caka ca 1992 akazi awiri ophunzira, Caroline Wang ndi Mary Ann Burris, anali pa nchito ya zaumoyo m'dziko la China, m'cigawo ca Yunnan. Iwo anapereka makamera kwa akazi a kumidzi 62, a m'maboma a Chengjiang ndi Luliang, alimi amene ambiri a iwo sanapite patali ndi sukulu. Akaziwo anajambula moyo wao wa tsiku ndi tsiku: khanda logonekedwa m'munda pamene mai wace ali kulima, ana osiyidwa okha popanda wowayang'anira, ndi nchito zolemetsa za akazi. Zithunzizo zinaonetsedwa kwa akulu a boma, ndipo pambuyo pace panakhazikitsidwa malo osungirako ana masana, maphunziro a azamba, ndi thandizo la atsikana kuti akhale pasukulu.

Akazi awiriwo anatsata nzeru za Paulo Freire, mphunzitsi wa ku Brazil. Iye anaphunzitsa kuti munthu wosauka sali ngati mtsuko wopanda kanthu umene ophunzira angothiramo nzeru zao, pakuti munthuyo adziwa kale zambiri za moyo wace, ndipo akaona cithunzi ca moyo umenewo ayamba kufunsa cifukwa cace zinthu ziri comweco. M'caka ca 1997 Wang ndi Burris analemba zolinga zitatu za njirayi: kuti anthu aonetse zabwino ndi zobvuta za kwao, kuti akambirane pamodzi za zithunzizo, ndi kuti nkhaniyo ifike kwa iwo okhala ndi mphamvu ya kusintha zinthu.

2. Anyamata a ku Flint

Njirayi inayamba ndi akazi akulu, koma posacedwa inayesedwa ndi ana omwe. Tione tsono zimene zinacitika ku Flint, mzinda wa m'cigawo ca Michigan ku America. Kumeneko ndiko kunayambira kampani yopanga magalimoto ya General Motors m'caka ca 1908, ndipo anthu ambiri anasamukirako kukafuna nchito. M'caka ca 1960 mzindawo unali ndi anthu pafupifupi 200,000. Koma mafakitale ambiri anatsekedwa, anthu nacokako, kotero kuti m'caka ca 2000 anatsala pafupifupi 125,000. Otsalawo anakhala pakati pa nyumba zosiyidwa, kusowa kwa nchito, ndi ciwawa ca m'miseu.

M'masiku amenewo Caroline Wang, amene anali kuphunzitsa pa sukulu yaikuru ya University of Michigan, anagwirizana ndi atsogoleri a ku Flint kuti ayese njirayi kumeneko. Anasankha anthu 41 kuti atole zithunzi. Mwa iwo 20 anali anyamata ndi atsikana, 11 anali akulu ocita cangu pa zothandiza anansi ao, ndi 10 anali atsogoleri ndi akulu a boma. Onse anaphunzitsidwa kagwiridwe ka kamera, natumidwa kukajambula zimene mzinda wao uli nazo zabwino, ndi zimene ziwasautsa.

Mnyamata wina wa zaka 17 anajambula zenera la basi imene anakwera, ndipo pa galasi lace panali ciboo ca cipolopolo ca mfuti. Pofotokoza ananena kuti iye azindikira kuti wakwera basi ina poona kuti ziboozo ziri pa mazenera ena. Taganizani, abale. Akulu a mzindawo anali nazo kale ziwerengero za milandu ya ciwawa, zolembedwa m'mabuku a apolisi. Koma ciwerengero sicinena mmene mtima wa mwana ucitira pokhala pansi pa zenera lotere tsiku ndi tsiku. Cithunzi cija ndi mau a mwini wace zinanena cimeneco.

3. Mafunso asanu

Cithunzi pacokha sicikwana, pakuti anthu khumi atha kuciona ndi kumva zinthu khumi. Cifukwa cace otola zithunzi asonkhana m'timagulu, yense asankha cithunzi cimodzi kapena ziwiri zimene aziyesa zofunika koposa, ndipo onse pamodzi ayankha mafunso asanu awa:

Coyamba, tiona ciani pa cithunzi ici?
Caciwiri, cimene ciri kucitika kwenikweni nciani?
Cacitatu, cimeneci cikhudza bwanji moyo wathu?
Cacinai, cifukwa ninji cinthu ici, cabwino kapena coipa, ciripo pakati pathu?
Cacisanu, tingacitepo ciani?

Onani kuti mafunsowa akwera ngati makwerero. Loyamba lifunsa za maso okha, ndipo ngakhale mwana wamanyazi atha kuliyankha. Lacinai lifuna muzu wa nkhani, ndipo lacisanu limfikitsa mwanayo pa kupereka uphungu. Mwana wongodandaula kuti njira ya kusukulu njoipa sathandiza akulu kwambiri. Koma akadutsa m'mafunso asanuwo afika ponena kuti njirayo iipa pamalo pakuti, pa nyengo yakuti, cifukwa madzi alibe kolowera, ndipo kuti ngalande ikakumbidwa capo zinthu zidzasintha. Pamenepo dandaulo lasanduka uphungu umene bwalo litha kuugwiritsa nchito.

4. Akulu alonjeze poyamba kuti adzamva

Apa ndipo pali phata la phunziro lathu. Anthu a ku Flint sanadikire kuti zithunzi zithe ndipo kenaka ayambe kufunafuna wowamvera. Pa ciyambi peni peni pa nchito anaitana gulu lina la atsogoleri, nawapempha kuti abvomere kudzaona zithunzizo ndi kuthandiza kuti zopempha za ojambula zicitike. Ndiponso, monga tanena, atsogoleri 10 anatenga makamera iwo eni. Nzeru imeneyi inacokera kwa anthu a m'mzindamo. Wamkulu amene wayenda yekha m'mseu ndi kamera, nabvutika posankha cojambula, sapeputsa cithunzi ca mwana.

Nkhani ya nchitoyi inalembedwa m'caka ca 2004, ndipo mmodzi wa olembawo anali Robert Pestronk, mkulu wa zaumoyo m'boma la Genesee, mmene muli mzinda wa Flint. Iwo anacitira umboni kuti anyamata anatha kuuza atsogoleri za mantha ao pa ciwawa, ndi kuti nchitoyi inathandiza kwambiri kuti papezeke ndalama zoyambira nchito yoletsa ciwawa kumeneko. Sitinena kuti zithunzi zinathetsa mabvuto a Flint, pakuti mabvuto a mzinda wotaya nchito zace ngakuya. Tinena kuti mau a ana anafika pamene ndalama zigawidwa, ndipo anafikapo cifukwa khomo linatsegulidwa nchito isanayambe.

5. Mafelemu obiriwira ndi ofiira

Ana ang'ono, amene sangathe kulemba mau ambiri, nawonso ali nayo njira yao. Ku Boulder, mzinda wa m'cigawo ca Colorado ku America komweko, boma la mzinda, akulu a masukulu ndi sukulu yaikuru ya University of Colorado anagwirizana m'caka ca 2009 kuyamba nchito yochedwa Growing Up Boulder, yofuna kuti ana afunsidwe pokonza mzinda. Ana apatsidwa mafelemu awiri, ngati aja tiikamo zithunzi pakhoma, lina lobiriwira ndi lina lofiira. Poyenda pamalo amene akulu afuna kukonza, mwana akaona cimene acikonda acijambula cioneka m'kati mwa felemu lobiriwira, ndipo cimene sacikonda acijambula m'kati mwa lofiira.

Amisiri olemba mapulani akayala zithunzizo aona msanga pamene pacuruka zofiira ndi pamene pacuruka zobiriwira. Njirayi iri ndi ubwino winanso: ikumbutsa ana kufunafuna zokoma za kwao. Mudzi uli wonse uli ndi mtengo wa mthunzi, bwalo losewerera, kapena dziwe limene ana alikonda, ndipo akulu atha kuononga zimenezi osadziwa, pofuna kumanga cinthu catsopano.

6. Kusunga ulemu pojambula

Kamera itha kupweteka munthu monga lilime licita. Anthu a ku Flint anaika malamulo pa cimeneci, ndipo ife tiyenera kuwasunga.

Wojambula apemphe cilolezo kwa munthu asanamjambule, ndipo amuuze kumene cithunzico cidzaonetsedwa. Ngati wojambulidwa ndi mwana, abvomere makolo ace. Asajambule munthu mobisa, kapena momcititsa manyazi cifukwa ca umphawi wace, matenda ace, kapena colakwa cace. Asadziike pangozi cifukwa ca cithunzi, pakuti palibe cithunzi coposa moyo wa mwana. Ndipo nkwabwino kumpatsa wojambulidwayo cithunzi cace monga kuthokoza. Malamulo awa alimba koposa masiku ano, pamene cithunzi cotumizidwa pa foni cifika kutali tsiku limodzi, ndipo sicibwezeka.

7. Nanga ife?

Akazi a ku Yunnan anadikira kuti alendo awapatse makamera. Lero mafoni ambiri a m'midzi mwathu ali ndi kamera m'kati mwace, ndipo foni imodzi yobwereka itha kukwanira gulu lonse. Malo okafikitsako nkhani aliponso. Kuyambira caka ca 1998, pamene Malawi anaika lamulo la maboma ang'ono, zofuna za midzi ziyenera kuyambira pansi, m'makomiti a citukuko a m'midzi, ndi kukwera kufikira ku khonsolo ya boma. Ndiponso pangano la United Nations la ufulu wa ana, la caka ca 1989, limene Malawi analibvomera m'caka ca 1991, linena m'ndime yace ya 12 kuti mwana wotha kuganiza amvedwe pa nkhani zomkhudza.

Ofuna kuyesa ayambe apita kwa mfumu ndi kwa a komiti, afotokoze colinga cao, ndi kupempha tsiku limene zithunzi zidzaonedwa. Tsikulo likhale komiti isanalembe zofuna za mudzi, pakuti uphungu wofika nkhani itatha uli ngati mbeu yobzalidwa mvula itapita. Asankhe anyamata ndi atsikana ofanana ciwerengero, osaiwala olumala ndi iwo amene analeka sukulu, popeza yense ayenda njira zace ndi kuona zace. Atajambula akhale pansi ndi mafunso asanu aja, ndipo pa cithunzi ciri conse palembedwe mau a mwini wace, osati a mphunzitsi.

Inu anyamata ndi atsikana, bwerani pabwalo ndi ulemu, ndipo cithunzi canu cinene zoona zokha. Inu akulu, mukaona zithunzizo, yankhani. Cimene cingatheke munene kuti cidzacitika liti, ndipo cimene sicingatheke munene cifukwa cace. Akale anati mutu umodzi susenza denga, ndipo anatinso m'mera mpoyamba. Mwana amene wafunsidwa, nalankhula, koma osayankhidwa, aphunzira kuti kulankhula pabwalo nkwacabe, ndipo adzakhala cete ngakhale atakula, pamene mudzi udzamfuna kuti autsogolere.

Mafunso okambirana

1. Chulani zolinga zitatu zimene Wang ndi Burris analemba m'caka ca 1997.
2. Cifukwa ninji anthu a ku Flint anaitana atsogoleri nchito isanayambe?
3. Kodi cithunzi ca zenera la basi cinauza akulu ciani cimene ziwerengero sizinawauze?
4. Mukadapatsidwa mafelemu awiri aja lero, mukadajambula ciani m'kati mwa lobiriwira, ndi ciani m'kati mwa lofiira?
5. M'mudzi mwanu, ndani adziwa bwino njira ya kucitsime ndi ya kusukulu, ndipo anafunsidwa liti?