Malangizo: Phindu la Khungu ndi Minga ya Nsomba

Kolajeni ndi puloteni imene imalimbitsa khungu, mitsempha ndi mfundo za mafupa. Mu nsomba imapezeka kwambiri m'khungu, m'mamba ndi m'minga. Nsomba ikaphikidwa nthawi yaitali, kolajeni imasungunukira mumsuzi, n'chifukwa chake msuzi wa mutu wa chambo kapena mlamba umaundana ukazizira.

Makampani akunja amaphwanya kolajeni ya m'zikopa za nsomba kukhala ufa wosavuta kugayika m'mimba, ndipo amaugulitsa modula. Ufawo si mankhwala, komanso umasowa tryptophan, mbali imodzi ya puloteni yofunika m'thupi, motero sungalowe m'malo mwa ndiwo.

Ku Ntcheu njira yotsika mtengo yopezera kolajeni ili pamsika. Usipa ndi matemba, amene amagulitsidwa ku Lizulu, ku Tsangano ndi pa boma, amadyedwa athunthu, mutu ndi minga yomwe, choncho amapatsanso thupi kashiamu ndi ayironi. Kuti thupi lipange kolajeni yake limafuna vitamini C, wopezeka m'tomato, magwafa ndi malambe. Mwana wopitirira miyezi 6 mumuthirire usipa wosinja ndi kusefa m'phala, kuti minga isamutsamwe.