PHUNZIRO: ANTHU OLUMALA NDI NCHITO

Kalembera wa caka ca 2018 adapeza kuti mwa anthu 100 a zaka 5 ndi kupitirira m'dziko la Malawi, 10 ali ndi cilema ca mtundu wina. Tsono tawerengani anchito a m'ofesi kapena m'sitolo za kwanu, muone ngati olumala afika pa ciwerengero cotere. Safika ai.

Kale anthu acifundo adaganiza kuti cabwino ndico kuwapatulira malo aoao. Potsata lamulo la 1971, Boma lidakhazikitsa bungwe la MACOHA, ndipo ku Bangwe, mu mzinda wa Blantyre, kudatsegulidwa fakitale kumene olumala adaphunzira kuomba nsalu. Nchito imeneyo sitiinyoza konse. Koma fakitale imodzi singalembe olumala a dziko lonse, ndiponso mnyamata wopunduka miyendo amene adaphunzira kuwerengera ndalama safuna kuomba nsalu. Afuna kukhala pa tebulo limodzi ndi makalaliki anzake.

Papa John Paul II, m'kalata yake ya 1981 yochedwa Laborem Exercens, adaphunzitsa kuti kulandira pa nchito anthu alunga okhaokha ndi tsankho loipa la olimba pa ofooka. Pangano la United Nations la 2006, limene Malawi adalivomereza mu 2009, lidaika lamulo lakuti mwini nchito akonze malo ndi kacitidwe ka nchito kuti wolumala akhoze kuigwira, malinga kukonzako kusamlemetse kopitirira muyeso. Mu 2024 dziko lathu lidapanga lamulo latsopano la anthu olumala, ndipo MACOHA idasanduka MACODA.

Nanga kukonzako nciani? Kawirikawiri ndi zinthu zazing'ono. Woyenda pa njinga afuna khomo lopanda masitepe, ndi cimbudzi ca citseko cacikulu. Ici ca cimbudzi ambiri amaciiwala, ndipo munthu amapirira tsiku lonse osamwa madzi, osadandaula cifukwa ca manyazi. Wakhungu angathe kulemba makalata ndi kompyuta yomuwerengera mau mokweza. Wogontha afuna womasulira ndi manja pa msonkhano, kapena kumlembera zimene zakambidwa. Abale athu acialubino, amene kalembera yemweyo adawapeza 134,636, dzuwa limawaocha khungu mpaka kudwala khansa, ndipo maso ao saona bwino: apatsidwe nchito ya mumthunzi, cipewa cacikulu ndi zilembo zazikulu.

Maiko ena ayesa njira ya kukakamiza. Ku Germany, mwini nchito wa anthu 20 kapena kuposa ayenera kupereka malo 5 mwa 100 kwa olumala kwambiri, ndipo akapanda kutero alipira ndalama. Ambiri amangolipira. Cimene amaopa ndico cimene timaopa ife kuno: kuti wolumala adzacedwetsa nchito, kuti adzadwaladwala, kuti ogula adzamthawa. Mantha otere amakula mwa munthu amene sadagwirepo nchito ndi wolumala nkamodzi komwe.

Inu akatekisiti, musayang'ane kwa Boma ndi makampani okha, pakuti Mpingo naonso ulemba anchito m'sukulu, m'zipatala ndi m'maofesi a parishi. Pakapezeka malo a kalaliki kapena a mphunzitsi, funsani kwa Bambo Mfumu ngati mbiriyo yafika kwa ogontha amene sadamve zolengeza za Lamulungu, ndiponso ngati cipinda coyeseramo ofuna nchito cili cotheka kulowamo ndi njinga.