Phunziro: Kukonza Chobzalamo Mbewu Chopanda Dothi

Mu 2020 Nyumba ya Malamulo ya dziko lino inavomereza lamulo lolola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale. Lamuloli linakhazikitsa bungwe la Cannabis Regulatory Authority, lomwe limapereka ziphaso kwa alimi. Munthu wolima chamba popanda chiphaso akupalamula mlandu monga kale, pamenepa tisanamizane. Koma minda ya ziphaso imalemba anthu ntchito, ndipo ena mwa inu muli m'makopaletivi amene anatenga ziphasozi. Mukalowa m'nazale ya minda yotere, mungadabwe kuona mbewu zobiriwira bwino zili m'machubu ndi m'ndowa momwe mulibe dothi ngakhale pang'ono. Phunziro lino likufotokoza zimene amaikamo m'malo mwa dothi, ndi chifukwa chake. Nzeru yake ndi yomweyo pa mbande za tomato, kabichi, tsabola ndi mitengo, choncho aliyense apezapo chake.

Bwanji osangotapa dothi kumunda?

Mizu imapuma. Ambiri timadziwa kuti mizu imamwa madzi, koma timaiwala kuti imafunanso mpweya usana ndi usiku. Mpweyawo umakhala m'timipata ta pakati pa tizidutswa ta nthaka. Timipatati tikadzaza madzi kwa masiku angapo, mizu imabanika, imasanduka yofiirira, kenaka imaola. Chamba ndi imodzi mwa mbewu zosapirira konse chinyontho chokhalitsa kumizu.

Kumunda vutoli silichuluka chifukwa nthaka ndi yakuya, madzi amangotsikirabe pansi. M'chubu muli malire. Taganizirani chitenje chochapa chimene mwayanika pachingwe: kumwamba chimauma msanga, koma m'munsi chimakhala chonyowa nthawi yaitali ngakhale madzi atasiya kudontha. M'chubu zimachitikanso chimodzimodzi. Pansi pake pamatsala chigawo chokhuta madzi ngakhale mutabowola mabowo ambiri. Tizidutswa tikakhala tosalala kwambiri, monga ta dothi la katondo kapena makande, chigawo chonyowacho chimakwera m'mwamba, ndipo mizu imasowa popumira. Mukathirira kangapo dothilo limagwirana, likauma n'kulimba gwa.

Ena amaika miyala pansi pa ndowa poganiza kuti madzi azituluka bwino. Musatero. Madzi sachoka msanga m'dothi losalala kulowa m'miyala, ndiye chigawo chonyowa chija chimangokhala pamwamba pa miyalayo, pafupi kwambiri ndi mizu.

Dothi lakumunda limabweranso ndi alendo osaitanidwa: njere za udzu, tinyongolotsi totupitsa mizu, ndi matenda aja ogwetsa mbande pooletsa tsinde pamene lakhudza nthaka.

Pa zifukwa zimenezi, m'zaka za m'ma 1960 akatswiri awiri a pa yunivesite ya Cornell ku America, James Boodley ndi Raymond Sheldrake, anakonza chosakaniza chopanda dothi. Anatenga peat theka, vermiculite kapena perlite theka, n'kuthiramo laimu ndi fetereza woyeza bwino. Zosakaniza zambiri zogulitsidwa m'matumba lero zimatsatira njira imeneyi. Amene munaonapo mbande za fodya zofesedwa m'matileyi oyandama pamadzi mwaziona kale: m'timabowo muja nthawi zambiri mumakhala makungwa a paini operedwa ndi kuoleretsedwa.

Zosunga madzi

Gawo lalikulu la chosakaniza ndi chinthu chosunga chinyezi. Peat ndi zomera za m'madambo ozizira zimene zakhala zikuola pang'onopang'ono kwa zaka zikwizikwi. Amakumba kwambiri ku Canada ndi kumpoto kwa Ulaya, motero ikamafika kuno imakhala itakwera mtengo. Imasunga madzi ambiri, koma ili ndi asidi wochuluka, ndipo ikauma kwambiri imakana madzi: mumathira, madzi n'kungodutsa m'mbali mwa chubu, pakati pali pouma.

Chachiwiri ndi makoko a kokonati operedwa. Amabwera ataumbidwa m'zibuma zolimba, ambiri kuchokera ku India ndi Sri Lanka, ndipo mukaviika chibuma chimodzi m'madzi chimafufuma kangapo. Alimi a chamba ambiri padziko amakonda makokowa chifukwa amasunga madzi ndi mpweya womwe. Koma ali ndi khalidwe limene muyenera kulidziwa. Akakhala osatsukidwa amakhala ndi mchere, ndipo amagwira kashiamu ndi maginiziyamu amene mwathira, n'kutulutsa potaziyamu ndi mchere m'malo mwake. Mbewu imasowa chakudya chimene inu mukudziwa kuti munaipatsa. Choncho makoko atsopano atsukeni ndi madzi ambiri oyera, kenaka muwaviike usiku wonse m'madzi osungunulamo fetereza wa calcium nitrate, muwatsukuluzenso, ndipo mukatero mubzalemo. Ngati pathumba palembedwa kuti anatsuka ndi kuviika kale, ntchitoyi yakupepukirani.

Chachitatu tili nacho konkuno: makungwa a paini, amene amapezeka kumene amacheka matabwa monga ku Chikangawa, Zomba ndi Dedza. Ine ndimaona kuti mlimi wa kuno ayambire pamenepa asanathamangire zakunja. Koma makungwa aawisi ndi oopsa. Tizilombo tosaoneka ndi maso timene timaoletsa makungwa timadya nayitrojeni, ndiye timalanda mbewu yanu chakudya, masamba n'kuchita chikasu. Aphwanyeni, muwaunjike, muziwanyowetsa ndi kuwatembenuza kwa miyezi ingapo mpaka ade, asiye kutentha m'kati, ndipo fungo la utomoni lithe. Mukatero asefeni, tizidutswa tisapose kukula kwa njere ya chimanga. Utuchi wauwisi umalanda nayitrojeni koposa makungwa, usalowemo.

Zolowetsa mpweya

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse. Zosunga madzi pazokha zimatitimira pakapita nthawi, ndiye pamafunika tizidutswa tolimba totsekula mipata.

Perlite ndi timiyala toyera topepuka kwambiri. Amaitenga ku miyala ya kumapiri ophulika, n'kuiwotcha pa moto woposa madigiri 800 mpaka itafufuma. Siola ndipo ilibe chakudya chilichonse, ntchito yake ndi mipata basi. Fumbi lake limatsokomoletsa, choncho iwazeni madzi musanaitape. Vermiculite, imene amakumba kwambiri ku Phalaborwa m'dziko la South Africa, imaoneka ngati timapepala tonyezimira topindana. Anthu amaisokoneza ndi perlite, koma iyo imasunga madzi. Ndi yabwino pofesera njere, osati m'ndowa za mbewu zazikulu zimene zikuvutika kale ndi chinyontho.

M'malo mwa perlite mungathe kugwiritsa ntchito mankhusu a mpunga, omwe amangounjikana pa zigayo ku Karonga, Nkhotakota, Salima ndi m'mbali mwa nyanja ya Chilwa. Saola msanga. Vuto lake ndi lakuti aawisi amabwera ndi njere za mpunga ndi za udzu, ndiye ndi bwino kuwawotcha asanduke makala.

Kawotchedwe kake nkotere. Kolezani moto waung'ono pabwalo. Uvindikireni ndi chitini chachikulu chobowolabowola m'mbali, chokhala ndi paipi yachitsulo pamwamba yotulutsira utsi. Unjikani mankhusu mozungulira chitinicho mpaka chikwiririke, paipi yokha izionekera. Moto umadya m'kati mwakachetechete, popanda malawi. Pakapita nthawi mudzaona madontho akuda akutulukira pamwamba pa mulu. Kokerani mankhusu a m'munsi muphimbepo. Mulu wonse ukada, upasuleni msanga ndi fosholo, muthire madzi ambiri. Mukachedwa mupeza phulusa loyera lokhalokha, lomwe lilibe ntchito pano. Tapani odzaza dzanja muyang'ane: khusu lililonse likhale lakuda bii, lopepuka, koma losataya maonekedwe ake akale. Atsukeni musanasakanize.

Nanga mchenga? Wosalala umatseka mipata m'malo moitsekula, ndipo umalemeretsa chubu. Ngati palibiretu china, tengani wokhakhala wa kumtsinje, wotsuka, ndipo ukhale wochepa.

Za asidi

Chakudya chikhoza kukhalamo m'chubu koma mizu n'kulephera kuchitenga. Chimene chimatsegula kapena kutseka njira ndi kuchuluka kwa asidi, komwe timayeza ndi nambala yotchedwa pH. Nambala 7 ndi pakatikati. Ikatsika, asidi wachuluka, ikakwera, wachepa. M'chosakaniza chopanda dothi, chamba ndi mbewu zambiri zamasamba zimadya bwino pakati pa 5.5 ndi 6.5.

Peat imakhala pafupi ndi 4, choncho imafuna laimu. Pa ndowa ya malita 20 ya peat thirani magalamu 60 mpaka 100 a laimu waulimi. Laimu wa dolomite ndi wabwino koposa chifukwa amapereka kashiamu ndi maginiziyamu pamodzi. Laimu wopakira nyumba ndi waukali, amawotcha mizu. Makungwa a paini nawonso ali ndi asidi ndipo amafuna laimu wocheperapo. Makoko a kokonati safuna laimu. Mukafuna kuwaonjezera kashiamu gwiritsani ntchito gypsum, amene sakweza pH. Mankhusu owotcha ndi phulusa zimakweza pH, ndiye ngati mwaika mankhusu ambiri chepetsani laimu. Laimu sagwira ntchito tsiku lomwelo. Sakanizani, nyowetsani, dikirani sabata imodzi kapena ziwiri, ndiyeno muyeze ndi timapepala toyezera kapena kachipangizo kake.

Madzi othirira nawonso amasintha zinthu. Ngati ketulo yanu imachita zoyera zolimba m'kati, madzi anu ali ndi laimu wambiri ndipo azikweza pH pang'onopang'ono. Mijigo ina ya ku Chikwawa ndi Nsanje imatulutsa madzi amchere, omwe amaunjika mchere m'chubu. Kumene kuli kotheka, kololani madzi a mvula.

Chakudya

Dothi lakumunda limasunga chakudya ndipo limakhululuka mlimi akalakwitsa pang'ono. Chosakaniza chopanda dothi sichikhululuka. Chilibe nkhokwe, ndiye chimene simunaikemo mulibe, ndipo chimene mwapyoza muyeso chimafika kumizu nthawi yomweyo.

Kompositi wopsa bwino, wosefa, kapena manyowa a nyongolotsi amathandiza, koma asapose gawo limodzi mwa magawo asanu. Akachuluka amatseka mipata ija tavutikira kuitsekula. Manyowa aawisi a nkhuku amawotcha. Manyowa a Mbeya, omwe atithandiza kwambiri pa chimanga, ali ndi phulusa ndi fetereza, choncho ndi aukali kwa mbande za m'chubu. Yureya ndi fetereza wina wa chimanga musamuthire m'chubu ngati mmene mumachitira paphando. M'minda ya ziphaso amasungunula fetereza wochepa m'madzi othirira, n'kumapatsa mbewu pang'onopang'ono kawirikawiri. Njere zongomera kumene sizifuna chakudya chambiri, ziyambeni ndi chochepa kwambiri.

Pali chenjezo lina lokhudza chamba makamaka. Mbewuyi imakoka zitsulo zapoizoni monga mtovu ndi cadmium kuchokera pamene yabzalidwa, n'kuzisunga m'thupi mwake. Ogula chamba cha mankhwala amayeza zimenezi, ndipo akazipeza amakana katundu yense. Kumbukiraninso kuti mankhwalawo akamwa ndi munthu wodwala. Kompositi wa kudzala kumene kumatayidwa mabatire, zitini za penti ndi mapulasitiki asayandikire nazale.

Masamba amakuuzani zimene zikuchitika kumizu. A m'munsi akachita chikasu tsamba lonse, nayitrojeni wachepa. A m'munsi akachita chikasu koma mitsempha ili yobiriwira, ndi maginiziyamu. Zomwezo zikaoneka pa masamba anthete a kunsonga, ndi ayironi, ndipo kawirikawiri chifukwa chake ndi pH yokwera, osati kusowa kwa ayironiyo. Nsonga za masamba zikapsa, fetereza wachuluka. Thirani madzi oyera ambiri atuluke pansi. Mbewu ikafota chubu chili chonyowa ndi cholemera, musaonjezere madzi. Mizu yabanika.

Kusakaniza ndi kuyesa

Ogwiritsa ntchito zogula ambiri amaika ndowa 7 za makoko a kokonati ndi ndowa 3 za perlite. Ndi zakwathu mungayambe ndi ndowa 5 za makungwa oola, 3 za mankhusu owotcha ndi 2 za kompositi. Awa ndi poyambira chabe, chifukwa makungwa ndi kompositi zimasiyana malo ndi malo. Sakanizirani pa simenti yosesa kapena pa pepala la pulasitiki, osati padothi. Laimu muyambe mwamusakaniza ndi gawo lochepa, kenaka mumwaze pa mulu wonse, mutembenuze katatu kapena kanayi, mukuwaza madzi. Finyani chodzaza dzanja. Patuluke madontho awiri kapena atatu okha, ndipo mukatambasula dzanja, chibumacho chigumuke mukangochikhudza ndi chala. Podzaza machubu musatsindire. Ingogogodani chubu pansi kawiri.

Musanadzaze machubu mazana, yezani mpweya. Tengani chitini cholowa makapu 10 a madzi, mubowole pansi, mutseke bowolo ndi chala kapena kamtengo. Dzazani chosakaniza chonyowa. Thirani madzi pang'onopang'ono mpaka anyezimire pamwamba. Tsegulani bowo, madzi otuluka muwalandire m'mbale, muwayeze ndi kapu yomweyo. Malo amene madziwo achoka ndi amene mwalowa mpweya. Akatuluka osakwana kapu imodzi, chosakaniza chanu n'chothina, onjezerani mankhusu kapena perlite. Makapu awiri ndiye pabwino pa chamba. Akapitirira atatu chiziuma msanga, makamaka m'mwezi wa Okutobala, ndiye onjezerani zosunga madzi.

Pobwera ku phunziro lotsatira, aliyense atenge zitini ziwiri zofanana, china cha dothi la kumunda kwake, china cha chosakaniza chimene wakonza yekha. Tidzayeza madzi otuluka m'zitini zonse pamodzi, aliyense adzalemba manambala ake m'kope, kenaka tidzafesa tomato m'zitini zonse ziwiri.