Uthenga wopanda isnad



Phunziro lathu sabata ino ndi tabayyun: kufufuza nkhani tisanaifalitse.

Amene tinadutsa ku madrasa tikukumbukira kuti hadith ili ndi mbali ziwiri: matn, omwe ndi mawu ake, ndi isnad, mndandanda wa anthu amene anailandirana kuchokera kwa Mtumiki (Swalla Allahu alaihi wasallam). Ma ulama monga Imam Bukhari ndi Imam Muslim ankafunsa: wanena ndani? Anamva kwa yani? Ndi wokhulupirika? Amasunga bwino zimene wamva? Pakasowa munthu mmodzi pamndandandapo, hadith ija inkatha kutsika n'kukhala dhaif.

Tsono tayang'anani WhatsApp yanu. Pa gulupu ya mzikiti palowa voice note yokhala ndi timivi tiwiri pamwamba, kusonyeza kuti yadutsa m'manja ambirimbiri. Isnad yake? "Anditumizira." Basi. Koma ife chala chili kale pa forward.

Mu Surah Al-Hujurat ndime 6, Allah akutilamula kufufuza nkhani yobwera ndi munthu wosadalirika, kuopa kupweteka anthu mwa umbuli n'kudzanong'oneza bondo pambuyo. Surah An-Nur ndime 11 mpaka 20 ikukamba za bodza lomwe linagwera Mayi Aisha (Radhiya Allahu anha). Pobwerera ku nkhondo ya Banu Mustaliq iwo anatsalira m'mbuyo akufunafuna mkanda wawo, ndipo Safwan ibn al-Mu'attal ndi amene anawapeza n'kuwafikitsa kwa anzawo. Achinyengo anapeka nkhani, Madina inagwedezeka pafupifupi mwezi wathunthu. Chowawa n'chakuti ena mwa ofalitsa anali Asilamu enieni, monga Mistah, m'bale wa Abu Bakr, yemwe Abu Bakr yemweyo ankamuthandiza pa chakudya. Sanapeke bodzalo ayi. Anangolipititsa patsogolo, monga timachitira ife.

Mphekesera zimapha, ndipo kuno kwathu taonapo. Mu 2017 nkhani ya anamapopa inabuka ku Mulanje ndi Phalombe n'kufalikira m'maboma oyandikana nawo. Anthu osachepera 8 anaphedwa ndi magulu a anthu olusa, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maderawo. Palibe amene anabweretsa umboni, aliyense ankangoti "akuti". Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa.

Zina zimaoneka zazing'ono. Screenshot ya macheza a mlongo wathu ikazungulira pa ma status, ukwati umene makolo amakambirana umathera pomwepo, mabanja awiri n'kusiya kupatsana salaam. Uthenga woti "tumizani kwa anthu 10 mupeze baraka" wokhala ndi hadith yopeka umatiika m'gulu la omunamizira Mtumiki, tchimo limene iye anatichenjeza nalo mwamphamvu. Ndipo musaiwale, lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limati kuzunza munthu pa intaneti ndi mlandu. Foni yanu yomweyo itha kukhala mboni kukhoti.

Musanatumize, dzifunseni:

1. Gwero lake ndi ndani? Ngati akuti ndi boma kapena apolisi, onani pa tsamba lawo lenileni.
2. Ngati ndi hadith, ili m'buku liti? Funsani a Sheikh musanagawe.
3. Ngakhale ili yoona, mwini wake angakondwe? Ndime 12 ya Al-Hujurat ikuletsa kufukula zinsinsi za anthu komanso miseche.
4. Ikapezeka yabodza, ndingafike kwa onse amene ndawatumizira kukaikonza?

Ma admin a magulupu, iyi ndi amana yanu. Chotsani uthenga wokayikitsa, ndipo wotumizayo mulangizeni ku inbox mwaulemu, osati kumuyalutsa pagulu.

Allah atiteteze ku zoipa za malilime athu ndi zala zathu, ndipo abise zofooka zathu pa dziko lino ndi pa Tsiku la Qiyamah. Ameen.