Funsani Adokotala: Zitsamba ndi Mankhwala a Mtima

Muulutsi: Adokotala, kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Area 47. Akuti: "Bambo akunyumba amamwa digoxin ndi Lasix. Mnzawo wawagulira alovera mumsika wa ku Old Town, ati ngotsuka m'mimba. Popeza ndi chitsamba chabe, pali choopsa ngati?"

Dokotala: Zikomo mayi polemba. Chonde, bambowo asamwe. Digoxin amene akumwayo nayenso anachokera ku chomera, duwa la ku Ulaya lotchedwa foxglove. Amathandiza mtima wofooka kupopa mwamphamvu, koma mlingo wochiritsa ndi mlingo wopweteka ngoyandikana kwambiri. Lasix amakodzetsa, ndipo mchere wa potaziyamu umatayika ndi mkodzo. Utomoni wachikasu wa alovera umatsegula m'mimba, potaziyamu winanso n'kutayikira komweko. Mcherewu ukachepa m'magazi, piritsi la digoxin la masiku onse lomwe lija limasanduka poizoni, mtima n'kuyamba kudumphadumpha kapena kugunda mozengereza.

Mukaona bambo akuchita nseru, akusanza, akumva chizungulire, kapena akuti zinthu zikuoneka zachikasu, musadikire kuti kuche. Thamangirani nawo ku Kamuzu Central, mutanyamula mapiritsi onse ndi botolo la alovera lomwelo.

Muulutsi: Bambo wina wa ku Area 10 akufunsa ngati kwathu kuno kuli zomera zogwira mtima chonchi.

Dokotala: Zilipo, bambo, ndipo chimodzi chinatchuka dziko lonse. Amang'anja a m'chigwa cha Shire ankapaka mivi yawo ulembe wa kombe. John Kirk, dokotala amene anayenda ndi David Livingstone kuyambira 1858, anasunga ulembe wa kombe m'thumba limodzi ndi mswachi wake. Atatsuka mano anamva kuwawa mkamwa, kenako anazindikira kuti mtima wake wayamba kugunda pang'onopang'ono. Pofika 1885, Thomas Fraser wa ku Edinburgh anali atapangamo mankhwala a mtima otchedwa strophanthin. Makolo athu ankadziwa bwino kuti kombe amagwetsa nyama.

Yang'ananinso pabwalo panu. Oleander, chitsamba cha maluwa ofiirira kapena oyera chimene ambiri amabzala m'mipanda, chili ndi poizoni wa mtundu womwewo m'masamba, m'maluwa ndi mu utomoni. Ana asamaseweretse, ndipo nthambi zake musawotcherepo nyama.

Ngakhale kwinini, wochokera ku khungwa la mtengo wa cinchona, amachulukitsa digoxin m'magazi. Choncho amene muli pa digoxin, mukadwala malungo, uzani adokotala za mapiritsi anuwo asanakulembereni mankhwala alionse.